Ulendo Wathu wa pa Ilala: Pa Doko Lililonse Maola ndi Owerengeka

Ife a ku Mpanshya ndife anthu a m'mapiri. Madzi aakulu amene ambiri a ife tinawaonapo ndi a mtsinje wa Luangwa, ndiponso timawaona tili pa zenera la basi pamene ikuwoloka mlatho popita ku Nyimba. Choncho pamene maganizo okakwera sitima ya pamadzi pa Nyanja ya Malawi anatchulidwa koyamba pakati pathu, ena anaseka, ena anapukusa mitu. Amene sanaseke anali bambo wina wachikulire wa zaka zoposa 70, yemwe tonse timamutchula kuti Ambuya. Atate awo anachoka pa chilumba cha Likoma ali mnyamata, nadzagwira ntchito ya ukalaliki ku mgodi wa ku Broken Hill, komwe lero ndi ku Kabwe. Anakwatira mkazi wa Chisoli, ndipo anamwalira kuno osabwererakonso kwawo. Chimene anasiyira mwana wawo ndi maina awiri okha: la mudzi ndi la mlongo wawo.

Tinasonkhana anthu asanu ndi anayi. Tinagulitsa chimanga, ena mbuzi, tinakonza mapasipoti, ndipo mwezi wa October utafika tinaima pa msewu wa Great East kuyembekeza basi ya ku Chipata.

Kope lathu

Tisananyamuke tinakhala pansi madzulo angapo ndi kope la ana a sukulu. M'menemo tinalemba madoko onse amene sitima imaimapo, ndipo pansi pa doko lililonse tinalembapo malo amene tinafuna kukaona. Onse pamodzi anakwana 14. Tinkaganiza kuti sitima ili ngati basi imene imaima pa Luangwa kuti anthu agule nsomba zowamba, ndipo kondakitala amawerenga anthu ake asananyamuke.

Tinadutsa pa chipata cha Mwami n'kulowa ku Mchinji, tinagona ku Lilongwe, ndipo m'mawa mwake tinadzera ku Salima ndi ku Golomoti mpaka ku Monkey Bay, komwe eni dziko amati ku Lusumbwe. Kumeneko ndi kwawo kwa Ilala. Sitimayi inapangidwa ku Glasgow m'dziko la Scotland m'chaka cha 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo atailumikiza inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Ndi yaitali mamita 52. Ife a ku Zambia dzina lake linatikhudza, pakuti Ilala ndi dera la Alala kwa mfumu Chitambo, komwe David Livingstone anamwalira mu 1873. Sitima yoyamba ya dzina limeneli ndi imene inabwera ndi amishoni a ku Scotland mu 1875. Iyi ndi yachiwiri.

Lachisanu m'mawa tili pa mzere wogula matikiti, tinaona zimene kope lathu silinaganizire. Pa doko panali milu ya matumba a chimanga ndi a simenti, malata, makatoni a sopo ndi a shuga, njinga, matiresi ndi madengu a nkhuku. Mmodzi wa ogwira ntchito m'sitimamo, ataona kope lathu, anatiuza mwaulemu kuti nthawi yoima pa doko imalamulidwa ndi katundu. Katundu akachuluka sitima imakhalitsa. Akachepa imanyamuka msanga. Hutala ikalira, amene ali kumtunda adziwe kuti nthawi yake yatha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kuyambira pamenepo, pa doko lililonse tinkayamba tafunsa tisanatsike.

Nkhotakota usiku

Tsamba loyamba la kope lathu linali la Nkhotakota, ndipo linali lodzaza. Koma ku Nkhotakota tinafikako pakati pa usiku. Sitima inaima patali ndi gombe chifukwa madzi ake ndi osaya. Anatsitsa mabwato awiri a injini amene amapachikidwa m'mbali mwa sitima, ndipo anthu anatsika pa makwerero mmodzimmodzi, ana akupatsiranidwa m'manja ngati mitolo. Kumtunda tinangoona nyali zochepa ndi anthu akuyenda m'madzi ofika m'chiuno, katundu ali pamutu. Palibe mmodzi wa ife amene anatchulanso za kutsika. Tinatseka kope n'kubwerera pa mphasa zathu, injini ikugunda pansi pathu usiku wonse.

Kutacha tinali pakati pa nyanja, kopanda mtunda pafupi. Kutali kunkaoneka zinthu ngati utsi wa moto wolusa zikukwera kuchokera m'madzi. Tinada nkhawa, koma mayi wina wa ku Chizumulu anatiseka natiuza kuti ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timaswa m'nyanja, ndipo mphepo ikatikankhira kumtunda anthu amatigwira n'kupanga ndiwo.

Likoma

Loweruka masana chilumba cha Likoma chinaoneka, chouma, cha miyala ndi milambe yambirimbiri. Kuseri kwake kunali mapiri a Mozambique, pafupi kwambiri, pakuti Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi zozunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Ambuya anaima pa chitsulo cha m'mbali mwa sitima osalankhula kanthu. Titafunsa, anatiuza kuti katundu wotsika ndi wambiri, ndipo tikhoza kukhala ndi maola atatu kapena anayi, koma tisapite kutali.

Tinagawikana pawiri. Asanu ndi awiri tinalunjika ku tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera, cha mpingo wa Anglican. Amishoni a UMCA anakhazikika pa chilumbachi m'zaka za m'ma 1880, ndipo tchalitchichi anayamba kuchimanga mu 1903, nachidalitsa mu 1905, ntchito yonse n'kudzatha mu 1911. Malo amene chinamangidwapo amatchedwa Chipyela, chifukwa kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Munthu sangayembekezere nyumba yotere pa chilumba chaching'ono: makoma a miyala ndi njerwa, nsanja ziwiri, mazenera a magalasi amitundumitundu, ndi kuzizira kwa m'kati pamene kunja dzuwa likuswa mtengo. Wotiperekeza anationetsa mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa ku Chitambo, umene patsinde pake anakwirirapo mtima wa Livingstone. Tinaima pamenepo nthawi ndithu, ife anthu a ku Zambia, tikuyang'ana kachidutswa ka mtengo wa kwathu pakati pa nyanja ya eni ake.

Ambuya ndi mdzukulu wawo, mnyamata wa zaka 19, anapita kumsika kukafunsa maina awiri aja. Titatuluka m'tchalitchi tinawapeza atakhala pansi pa mlambe ndi gogo wina wamkazi. Gogoyo analidziwa dzina la mlongo uja. Mwiniwake anamwalira kale, koma ana ake ndi adzukulu ake alipo, kumapeto ena a chilumba, ulendo wa maola awiri kwa munthu woyenda ndi ndodo. Ola limodzi ndi theka linali litatha kale.

Mayi amene ankasunga ndalama za gulu anagwada pambali pawo. "Atate, mwamva nokha zimene anatiuza. Sitima siyembekeza munthu. Mukapita, hutala ikulirirani muli m'njira."

"Mwana wanga," anayankha Ambuya, "ndayembekeza kuyambira ndili mnyamata. Kodi ndifike pakhomo ndi kubwerera osaodira?"

Tinakhala chete. Kuwakaniza kunali nkhanza, koma kuwasiya munthu wachikulire, wodwala matenda a kuthamanga kwa magazi, m'dziko lachilendo, kunali kulakwira ana awo amene anatipatsa udindo ku Mpanshya. Amene anatithandiza ndi gogo uja. Anatikumbutsa kuti sitima yomweyi ikafika ku Chilumba imatembenuka, ndipo imadzeranso pa Likoma Lachiwiri. "Asiyeni kuno. Ndi mwana wathu uyu," anatero.

Tinagwirizana kuti atsale pamodzi ndi mdzukulu wawo. Pomwepo tinazindikira kulakwa kwathu: mankhwala awo, mapasipoti a onse awiri ndi zovala zinali m'chikwama m'sitima. Mnyamata uja anathamanga, ndipo pamene ankabwera ndi chikwamacho hutala yoyamba inali italira kale. Tinasonkha ndalama mofulumira, tinalemba nambala ya foni ya mdzukulu wa gogo uja m'kope lathu, n'kuthamangira ku sitima. Pamene chilumba chinkachepa m'maso mwathu, palibe amene anali ndi mtendere mumtima.

Kumpoto

Pa Chizumulu tinaima madzulo, ndipo ku Nkhata Bay tinafika usiku. Lamulungu tinayenda m'mphepete mwa mapiri amene amagwera m'nyanja momwemo. Pa Usisya ndi pa Ruarwe, midzi imene misewu yake ndi yovuta, kubwera kwa sitima ndi tsiku la msika: ngalawa zimaizungulira, ana amasambira m'mbali mwake, ndipo amayi amakweza mabeseni a nsomba ndi nthochi. Pamenepa sitima siikhalitsa, choncho sitinatsike; tinagula zakudya titasuzumira pa chitsulo.

Madzi a kumpotowa ndi akuya, ndipo ali ndi mbiri yachisoni. Mu July 1946 sitima ya Vipya inamira kufupi ndi Chilumba mphepo itaikunkhuniza, ndipo anthu 145 anataya miyoyo. Mphepo imene anthu a kunyanja amaiopa ndi mwera, wochokera kum'mwera, umene umaomba kwambiri miyezi yozizira. N'chifukwa chake okalamba ndi ana amayenda bwino mwera utatha.

M'kope tinali titalemba kuti pa Chilumba tidzakwera phiri kukaona Livingstonia, mishoni imene Robert Laws anaikhazika pa Khondowe mu 1894. Titafika kunali kukuda, ndipo msewu wokwera kumeneko kuchokera pa Chitimba ndi wokhotakhota, wofuna tsiku lathunthu. Tinafufuta mzere umenewo popanda mkangano.

Pobwerera, Lolemba, sitima inakhala pa Nkhata Bay maola ambiri dzuwa lili pamwamba, ndipo apa mpamene tinayenda momasuka. Tinadya nsima ya kondowole, ya ufa wa chinangwa, ndi nsomba ya batala. Ena a ife, ozolowera nsima ya chimanga, anavutika kuitema, ndipo Atonga amene tinakhala nawo pa benchi anatiphunzitsa akuseka. Tinapitanso pa malo okumbukira anthu amene anaomberedwa pa 3 March 1959. Tsiku limenelo boma la atsamunda linagwira atsogoleri a Nyasaland African Congress n'kuwatsekera m'sitima ya Mpasa pa doko lomweli, ndipo khamu litasonkhana kufuna abale awo, asilikali anawombera, napha anthu osachepera 20. Makolo athu a ku Northern Rhodesia anali m'chitaganya chomwecho cha Federation, choncho nkhaniyi sinali yachilendo kwa ife. Tinabwerera ku sitima hutala isanalire.

Lachiwiri

Foni ija tinaiyesa kangapo, koma siinkalowa. Usiku umenewo mayi wosunga ndalama sanagone. Tinafika pa Likoma kusanache bwino, tonse titaima pa chitsulo kufunafuna ndodo ndi chipewa pakati pa khamu. Mnyamata ndiye anatiwona poyamba, natukula dzanja. Pambuyo pake panali Ambuya, ndipo pambuyo pa Ambuya panali anthu oposa khumi, ena atasenza thumba la usipa wouma, ena ufa wa kondowole. Anawaonetsa manda a agogo awo ndi a azakhali awo, ndi bwinja la nyumba imene atate awo anabadwiramo. Mayi wina wachikulire, mwana wa mlongo uja, anawagwira dzanja mpaka pa makwerero, akuwatchula kuti achimwene. Zoonadi chibale ndi fupa, sichiola.

Ulendo wathu wa pamadzi tinauthera pa Nkhotakota, pakuti tinaona kuti njira yabwino yoonera malo amene sitima imafikako usiku ndi kutsikirapo. Tinatsika pa makwerero aja, tinanyowa mpaka m'mawondo, ndipo m'mawa mwake tinayenda popanda wotithamangitsa. Tinakhala pansi pa mkuyu umene Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863. Jumbe anali wamalonda wa Chiswahili amene ankawolotsa akapolo pa zombo kupita kutsidya la kum'mawa, ulendo wa ku Kilwa. Pafupi pomwepo, m'tchalitchi cha Oyera Onse, muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanjayi mu 1895.

Kwa inu owerenga amene mungafune kuyenda ulendo wotere, tikuti: funsani za masiku a sitima musanachoke kwanu, ndipo mufunsenso pa doko lililonse. Dziwani madoko amene mudzafikapo masana ndi amene mudzafikapo usiku. Pa doko limodzi sankhani chinthu chimodzi. Potsika nyamulani pasipoti, mankhwala ndi ndalama za dzikolo pathupi panu, ndipo valani nsapato zosaopa madzi. Malo amene ali ofunika kwambiri pa mtima wanu apatseni masiku, pogona pomwepo kufikira sitima itabwerera.

Kope lija lilipo ku Mpanshya. Pa malo 14 amene tinalemba, tinaona asanu. Tsamba lomaliza, limene tinalisiya lopanda kanthu, Ambuya analidzaza ndi maina a abale awo a ku Likoma, ndipo adzukulu awo akuwaloweza.