Singano Ikalowa, Chakudya Chitsatire



Abale ndi alongo, makolo a m'miphakati yathu, nkhani ya sabata ino ndi yovomera kulakwa. Ndaphunzitsa ana za Ukaristia zaka zambiri, koma mawu amene ndidalankhula tsiku lina osawaganizira adatsala pang'ono kupha mwana wa mlongo wanga, mwana wa m'mbumba imene ine ndemwe ndimaiyang'anira.

Mwanayo adayamba kudwala ali ndi zaka 11. Ankamwa madzi kosalekeza, ankadzuka kambirimbiri usiku kukataya madzi, ndipo ankaonda ngakhale nsima ankaidya bwino. Ena pamudzi adati walodzedwa. Kuchipatala chachikulu cha ku Lichinga adatiuza kuti ndi matenda a shuga, a mtundu umene thupi limaleka kupanga insulina. Insulinayo ndiye amatsegula njira kuti shuga wochokera m'chakudya atuluke m'magazi, alowe m'minofu ndi kusanduka mphamvu. Thupi likaleka kumupanga, munthu ayenera kumulandira ndi singano tsiku ndi tsiku, moyo wake wonse.

Tidabwerera ku Ngauma ndi timabotolo tiwiri. Kena kadali ndi mankhwala otuwa ngati madzi otsukira mpunga, amene amagwira ntchito pang'onopang'ono, maola ambiri. Kenako kadali ndi mankhwala oyera ngati madzi akumwa, amene anamwino amawatchula insulina regular kapena rápida. Oyerawa amayamba kugwira ntchito patapita theka la ola, mphamvu yake imakula pakati pa maola 2 ndi 4, ndipo imatha patapita maola 6 mpaka 8. N'chifukwa chake amabaya kutatsala mphindi 30 kuti munthu adye. Mankhwalawo akalowa m'thupi sungawabweze. Amatsitsa shuga, kaya munthu wadya kaya sadadye. Zonsezi adazifotokoza ine ndili pomwepo, ndipo ndidagwedeza mutu ngati wamva.

Chaka chotsatira mwanayo adali m'gulu la olandira Ukaristia koyamba. Loweruka, pomaliza maphunziro, ndidauza ana kuti mawa abwere osalawa kanthu, monga ankachitira makolo athu. Ndidaona ngati ndikuwaphunzitsa ulemu. Mamawa mlongo wanga adamubaya monga mwa masiku onse, naika phala pamoto. Phala litapsa, mwana adakana nati, “Atsibweni anena kuti tisadye.” Mlongo wanga, pondilemekeza, sadamukakamize. Adayenda pansi pafupifupi ola lathunthu mpaka kutchalitchi.

Ulaliki uli mkati, ndidaona kuti mwanayo watuluka thukuta ngakhale kunja kunkazizira. Manja ankanjenjemera. Nditamuitana adandiyang'ana ngati sandidziwa, ndipo mawu ake ankatuluka ngati a munthu woledzera. Ena adayamba kunong'ona za khunyu, ena za mizimu yoipa. Mayi wina wachikulire, amene adadwazikapo amuna awo matenda omwewa, sadafunse munthu. Adathamangira kunyumba yapafupi, nasungunula shuga timasupuni titatu m'kapu ya madzi, nam'mwetsa pang'onopang'ono, pakuti ankathabe kumeza. Patapita mphindi ngati 15 maso ake adabwerera. Adam'patsa mbatata yophika, ndipo Bambo Mfumu adalamula kuti alandire pamodzi ndi anzake. Misa itatha adanditengera pambali nandifunsa mofatsa kuti, “A katekisiti, lamulo limeneli mudaliwerenga kuti?” Ndidasowa choyankha.

Sindidaliwerenge paliponse. Ndidalimva kwa agogo anga. Amishoni a Consolata atakhazikitsa mishoni ya Massangulo mu 1928, lamulo la Mpingo lidalidi loti wofuna kulandira asale kuyambira pakati pa usiku. Koma Papa Pio XII adachepetsa nthawiyo mu 1957 kukhala maola atatu, ndipo Papa Paulo VI mu 1964 adaichepetsanso kukhala ola limodzi. Buku la malamulo a Mpingo la 1983, pa nambala 919, likusunga ola limodzi lomwelo, lowerengedwa kufikira nthawi yolandira, ndipo madzi ndi mankhwala saletsedwa. Likuonjezanso kuti okalamba, odwala, ndi amene akuwasamala angathe kulandira ngakhale atadya kanthu m'kati mwa olalo. Mwanayo akadadya phala lake kunyumba, sakadaphwanya lamulo lililonse. Katundu amene ndidam'senzetsa Mpingo udatula kale ine ndisanabadwe.

Kuyambira tsiku limenelo ndidakhala pansi kuphunzira bwino zimene ndidangozimvera pamwamba, ndipo ndikuzilemba pano chifukwa m'midzi mwathu odwala shuga alipo, ana ndi akulu omwe.

Musabaye mankhwala oyerawa chakudya chisanaoneke. Ufa ukhale ulipo, moto ukhale wayaka. Pamaliro, paukwati, kapena paulendo wa chapa wopita ku Mandimba kapena ku Cuamba, pamene simudziwa kuti mudya nthawi yanji, dikirani mpaka mutatsimikiza. Kulima tsiku lonse ndi kuyenda mtunda wautali kumatsitsanso shuga, ndipo kachasu ndi woopsa koposa, pakuti amatha kugwetsa shuga usiku munthu ali mtulo. Wodwala asachoke pakhomo wopanda shuga pang'ono kapena masiwiti m'thumba, ndipo anthu amene amakhala naye, aphunzitsi ake ndi akatekisiti ake adziwe za matendawo. Kubisa n'kumene kumapha, chifukwa wodwala akasokonezeka sangathe kudzifotokozera.

Zizindikiro zakuti shuga watsika ndi thukuta, kunjenjemera, njala yadzidzidzi, mtima kugunda msanga, kukwiya popanda chifukwa ndi kusokonezeka. Pa kamakina koyezera, nambala yochepera 70, kapena 3,9 pa makina ena, ndiyo malire. Ngati kamakina palibe, musadikire. M'patseni timasupuni titatu ta shuga m'madzi, dikirani mphindi 15, bwerezani ngati sadachire, kenako adye chakudya cholimba. Ngati wakomoka, musam'thire madzi m'kamwa, angatsamwe. M'gonekeni chammbali, pakani shuga kapena uchi pang'ono m'kati mwa tsaya, ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Pali kulakwa kwinanso kotsutsana ndi kwanga. Mwana akadwala malungo nakana kudya, makolo ena amaleka insulina yense. Pamenepo shuga amakwera, mwana amasanza, amapuma mozama, ndipo moyo wake ukhoza kutha m'masiku ochepa. Tsiku lotere ndi lopita kuchipatala msanga. Kuchepetsa kapena kuonjeza muyeso ndi ntchito ya dokotala ndi namwino. Ndipo wina akakuuzani kuti mutaye mankhwala kuti muonetse chikhulupiriro, musam'mvere. Katekisimu wa Mpingo, pa nambala 2288, amatiphunzitsa kuti moyo ndi thanzi ndi mphatso zimene Mulungu adatisungitsa, zoti tizisamala.

Pa kabayidwe, sambani m'manja, ndipo onani kuti nambala ya pa botolo, monga 100, ikufanana ndi ya pa singano. Ngati adakuphunzitsani kuphatikiza mitundu iwiri m'singano imodzi, yambani kukoka oyera, otuwa pambuyo. Bayani pansi pa khungu la pamimba kapena pantchafu, ndipo sinthasinthani malo, chifukwa pobayapo kawirikawiri pamauma chotupa ndipo mankhwala salowa bwino. Oyera akachita matope kapena timibulu, asagwiritsidwe ntchito. Singano yotha ntchito ikani m'chigubu chotseka, kutali ndi ana, ndipo musabwerekane.

Ambirife tilibe firiji. Botolo lotsegula limakhala pafupifupi milungu inayi ngati silikuombedwa ndi dzuwa kapena kuyandikira moto. Mlongo wanga amaliika m'kachitini kotseka bwino, m'kamphika kadothi kokhazikidwa mumchenga wonyowa, pakona yozizira ya nyumba. Kafukufuku wa a Médecins Sans Frontières ndi Yunivesite ya Geneva, wofalitsidwa mu 2021, adaonetsa kuti pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37, konga kwa kumsasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya, insulina adasunga mphamvu yake milungu inayi. Amene ali ndi firiji asauike poundana, pakuti woundana waonongeka.

 Kusala kwa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera sikukakamiza odwala. Wobaya insulina adye pa nthawi yake, ndipo nsembe yake aipereke mwa njira ina, monga kuyendera wodwala mnzake kapena kukhululukira amene adam'lakwira. Anansi athu Achisilamu nawonso, mwezi wa Ramadani usanafike, tiwalimbikitse mwaulemu kukaonana ndi a chipatala.

Mu Januwale 1922, ku Toronto, mnyamata wina, Leonard Thompson, adakhala munthu woyamba kupulumutsidwa ndi insulina. Chaka chimenecho chisanafike, ana onga wathuyu sankakhalitsa. Wathu tsopano amadzibaya yekha, ndipo Lamulungu lililonse amadya phala lake asananyamuke. Ine ndikamaliza maphunziro a Ukaristia woyamba, ndimafunsa makolo mmodzimmodzi ngati pali mwana amene ali pa mankhwala, ndipo m'chikwama changa, pambali pa buku la katekisimu, mumakhala kapepala ka shuga.

Mtendere wa Ambuye ukhale m'mabanja mwanu.