"Tamva" Si Lonjezo

M'chaka cha 1994 boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo ana amene adali pafupifupi 2 miliyoni adafika pa 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Ife aphunzitsi tidaphunzitsa pansi pa mikuyu ndi mango, bolodi titaliyedzamiritsa ku tsinde. Midzi yambiri idapangana zoumba njerwa. Zipinda zina zidatha, zina zidalekezera m'mawindo, ndipo udzu udamera pakhoma. Dothi lidali lomwelo, dzuwa lomwelo. Titakhala m'makomiti a sukulu ndi a mpingo zaka zonsezi, taona kuti kusiyana kumayambira pa mawu olankhulidwa pamsonkhano woyamba.

Ife ndife anthu aulemu, ndipo ulemuwo uli ndi mawu ake. Nyakwawa ikalankhula, kapena abusa, anthu amawomba m'manja nati, "Tamva." Wapampando amapita kunyumba mtima uli m'malo, poganiza kuti anthu avomera. Koma iwo angonena kuti makutu awo adali otseguka. Wina akati "Tiona," kawirikawiri wakana, kungoti safuna kuchititsa mkulu manyazi pagulu. Nanga "tidzaumba"? Mawu amenewa ndi okoma, koma alibe mwini. Aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye adzabwere ndi chikombole.

Tsono nyengo siyembekeza ulemu wathu. Njerwa ziyenera kuumbidwa m'chilimwe, ziume, zilowe mu uvuni mvula isadagwe. Komiti ikataya Julayi ndi Ogasiti podikira "tiona," mvula ya Novembala imapeza zidina zili pamtetete nizisandutsa matope. Pamenepo ayamba kulozana zala, ena kunena kuti msungichuma wadya ndalama, chikhalirecho palibe amene adalonjeza kanthu kogwirika.

Buku la Nehemiya, mutu 3, ambiri timalidumpha powerenga chifukwa ladzala maina ovuta kutchula. Koma m'mainamo ndimo muli nzeru ya ntchito. Chipata chilichonse ndi chigawo chilichonse cha linga la Yerusalemu chidali ndi mwini wake wodziwika, ena akumanga pandunji pa nyumba zawo. Ngakhale akulu a ku Tekowa amene adakana kugwira ntchito adalembedwa, kotero kuti palibe amene adawerengera manja awo. Linga lidatha m'masiku 52.

Kukana kumeneku tikuganizirepo bwino, abale. Munthu amene saloledwa kunena kuti "sinditha," "inde" wake ndi wopanda pake. Mayi wamasiye wolera adzukulu asanu sangatunge madzi masiku atatu pasabata. Akapatsidwa mpata wonena kuti angathe Loweruka lokha, Loweruka limenelo adzafikadi. Makolo adati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, ndipo ena amaopa kulonjeza chifukwa cha mwambiwu. Koma Herode adalonjeza asadadziwe chimene adzapemphedwe. Ife tikupempha lonjezo la munthu amene wamva bwino pempho, wayesa mphamvu zake, nayankha yekha.

Komiti zimene taziona zikufika padenga zimachita motere: mlembi sadzuka asadalembe kuti mudzi wakuti uumba njerwa zakuti, pofika tsiku lakuti, ndipo woyang'anira ndi uje. Amawerenga mokweza, m'Chichewa, osati m'Chingerezi cha m'mafomu chimene amamva anthu awiri okha. Msonkhano wotsatira umayamba ndi kuwerenganso zomwezo. Amene waona kuti alephera amanena msanga, ndipo sanyozedwa, pakuti wapulumutsa masabata. Mmisiri nayenso satenga malipiro ake otsiriza mpaka komiti itayendera khoma ndi kunena kuti yakhutira.

Inu achinyamata amene mumaphunzira masamu, pamsonkhano wotsatira khalani pafupi ndi mlembi. Akulu akati "tidzaumba," mugwade mwaulemu ndi kufunsa kuti, "Pepani, Bambo, njerwa zingati, ndipo pofika liti?"