Mwana wa 7 ndimamufikitsa bwanji pa 6

Ntchito yanga ndi kukonzekeretsa achinyamata a Fomu 3 ndi Fomu 4 mayeso a Chingerezi a MSCE, ndipo ambiri mwa ana amene makolo amandibweretsera si olephereratu ayi. Ndi ana a 7 ndi 8, amene mayeso aliwonse amapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Pa kachongedwe ka MANEB, 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, pamene 9 ndi kulephera. Wolephera Chingerezi satifiketi sayiona ngakhale masamu atawakhoza bwanji, ndipo mayunivesite aboma amafuna makirediti 6, imodzi ikhale ya Chingerezi. Choncho kampata ka pakati pa 7 ndi 6 kamatsekera ana ambiri khomo. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti mwana wa 7, kawirikawiri, Chingerezi chokwanira kirediti amakhala nacho kale. Malikisi amawataya pa kayankhidwe, ndipo kayankhidwe kamaphunzitsika m'miyezi yochepa.

Umboni wake si wapatali. Mwana wa Fomu 4 wakhala akuphunzira maphunziro onse, kupatula Chichewa, m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5 kapena m'mbuyo mwake. Mukamupatsa nkhani kuti awerenge, nkumufunsa pakamwa kuti yati chiyani, amafotokoza bwinobwino. Mukamupatsa nkhani yomweyo ndi mafunso olembedwa, wotchi ili pakhoma, amakopera ndime yonse pamene funso likufuna mawu atatu, kapena kupereka mfundo imodzi pamene malikisi awiri olembedwa pambali pa funso akumuuza kuti mfundo zikufunika ziwiri. Nkhaniyo waimva ndithu, koma funso sanaliwerenge. N'chifukwa chake ndisanayambe za galamala ndimayamba ndamukhazika pansi ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, osati kuti ayankhe, koma kuti adule mzere kunsi kwa mawu olamula a funso lililonse nkundiuza m'Chichewa chimene wofunsa akufuna. Amene sangathe kunena m'chinenero cha makolo ake chimene akufunsidwa sangachiyankhe m'chinenero cha eni.

Pa chimangirizo mpamene malikisi amatayika ochuluka, ndipo mpamene ndimakhalitsa. Mawu amene amafunika ndi apakati pa 350 ndi 500, koma ana ambiri amaganiza kuti kudzaza masamba ndiko kukhoza, ndi kuti mawu ataliatali ndiwo amaopseza wochonga. Wochonga saopa. Iye amayang'ana ngati kalata yantchito yaoneka ngati kalata yantchito, ngati lipoti lili ndi mutu, ngati mfundo zatsatana, kenako amawerenga zolakwa. Chiganizo cha mizere isanu chili ndi malo ambiri ogwerapo: mneni amaiwala mwini wake, nthawi imasintha panjira, mpumiro sufika. Ndiye ndimamuletsa mwana, kwa kanthawi, kulemba chiganizo chopitirira mizere iwiri, ndipo asanayambe kulemba azitaya mphindi zisanu kundandalika mfundo, mfundo iliyonse ndime yakeyake. Zolakwa za ana athu n'zodziwika. Nkhani imayamba m'nthawi yakale, pofika ndime yachitatu yalowa m'nthawi yatsopano. Mayi amene anali "she" pamwamba wasanduka "he" pansi, popeza Chichewa chathu sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo. Zilembo l ndi r zimasinthana malo, ndipo timawu "a" ndi "the" timangosowa. Chosangalatsa n'chakuti mwana mmodzi sakhala nazo zonse. Amakhala ndi zake zochepa zimene amazibwereza tsamba ndi tsamba, moti cholembera chofiira chikadutsa pepala limaoneka ngati lawonongekeratu, chonsecho matenda ndi atatu kapena anayi basi.

Kachongedwe kanga nako kamadabwitsa makolo, chifukwa sindikonza cholakwa. Ndimangodula mzere kunsi kwake nkubweza kope kuti mwini wake apeze chavuta. Akachipeza amachilemba patsamba lomaliza la kopelo, ndipo tsamba limenelo ndilo amaliwerenga asanalembe chimangirizo chotsatira. Mphindi zomaliza za nthawi yolemba n'zosaka zolakwa zakezo, kuyambira chiganizo chomaliza kukwera m'mwamba, kuti maso asatengeke ndi kukoma kwa nkhani. M'chipinda cha mayeso mphunzitsi sadzakhalamo, ndiye mwana ayenera kudziwa kudzichonga yekha.

Kutola mfundo ndi chifupikitso sizifuna zambiri: kusiyanitsa mfundo ndi chitsanzo chake, nkusiya chitsanzocho. Pa mabuku monga Macbeth ya William Shakespeare ndi The Pearl ya John Steinbeck vuto ndi lomwe lija losawerenga funso. Funso likafunsa khalidwe la Kino wa mu The Pearl, mwana amayamba kusimba buku lonse kuchokera pamene chinkhanira chinaluma Coyotito, mwana wa Kino. Yankho lofunika ndi khalidwe limodzi ndi umboni wake: ngale imene anapeza inamusandutsa wankhanza, ndipo tikuona izi pamene anamenya mkazi wake Juana chifukwa chofuna kuiponya m'nyanja. Akatero apite ku khalidwe lina.

Aphunzitsi anzanga ena amati zimenezi n'kuphunzitsa mayeso, osati chinenero, ndipo mankhwala enieni ndi kuwerenga mabuku ambiri. Pa za kuwerengazo ndikuvomera ndi mtima wonse. Mwana amene wakula akuwerenga ntchito yanga saifuna kwenikweni. Koma zipatso za kuwerenga zimabwera patapita zaka, mwana wa Fomu 4 watsala ndi miyezi, ndipo m'sekondale zambiri zoyendera buku limodzi amalimbirana ana angapo. Kumuuza kuti akawerenge basi n'kumusiya pa 7 pomwepo. Komanso sindivomera kuti luso limeneli ndi lamayeso okha. Kumva chimene wafunsidwa, kuyankha chomwecho, kulemba mwachidule ndi kudziwerenga usanapereke, ndizo zimene adzafune tsiku lolemba kalata yofunsira ntchito kapena lipoti la kuofesi.

Ena, makamaka makolo, amakonda timabuku ta zimangirizo zolembedwa kale kuti mwana aloweze, ati mkulu wake anakhozera momwemo. Mwina anachita mwayi mutu unagwirizana. Koma mutu ukapotoka pang'ono, mwana amakakamiza nkhani yoloweza pa funso losiyana, ndipo wochonga, amene wawerenga kale chiyambi chomwecho m'mapepala ena ambirimbiri, amazindikira msanga. Ndime yoyamba yonyezimira yotsatana ndi ndime zopunduka imamuulula mwana kuposa chilichonse. Palinso odandaula kuti ziganizo zifupizifupi sizingamufikitse mwana pa 1 kapena 2. N'zoona, ndipo wofuna 1 ndimamuphunzitsa kulumikiza ziganizo ndi kusankha mawu. Koma zimenezo zimabwera zolakwa zitatha, osati zisanathe. Malire a njira yanga ndimawanenanso poyera: mwana amene sangamve n'komwe nkhani imene wawerenga, luso la mayeso silingamupulumutse, ndipo iye ndimamubwezera ku mabuku osavuta ngakhale makolo atakhumudwa.

Inu makolo, musanalipire patitaimu kapena kugula kabuku kena, itanitsani pepala lochongedwa la mayeso apitawa, mukhale pansi ndi mwanayo, muone zolakwa zimene zikubwerezedwa. Kenako sabata iliyonse alembe chimangirizo chimodzi wotchi ili patebulo, foni ili kwa inu, ndipo chikachongedwa achilembenso kachiwiri asanayambe china.