Amene tinamusiya pansi pa mtengo



M'chaka cha 1987, nkhondo ya pachiweniweni ya Frelimo ndi Renamo itafika povuta ku Mozambique, anthu ambiri a ku Angonia anathawira m'boma lathu la Ntcheu. Mmodzi wa iwo anatsetsereka mpaka kuno ku Kasinje, nayamba maganyu m'munda wa thonje wa malemu bambo anga. Dzina lake ndilisunga. Anali msilikali wa Renamo wothawa kunkhondo, ndipo anamugwira ali mnyamata akuweta ng'ombe.

Iye anandiuza kuti kuwombera kunali kwa apo ndi apo. Ntchito ya tsiku ndi tsiku inali kuyenda. Ankanyamuka kukada, mfuti paphewa, katundu pamutu, atandondozana mumzere umodzi. Aliyense ankaponda pamene waponda mnzake poopa mabomba okwirira. Masana ankabisala m'tchire osakoleza moto, chifukwa utsi ukanawaulula kwa adani. Chakudya chinali chinangwa chachiwisi kapena chimene alanda m'midzi, ndipo madzi anali a m'zithaphwi.

Koma chimene chinkamusowetsa tulo si njala. Tsiku lina mnzake anatupa mapazi nalephera kuyenda. Mkulu wa gulu analamula kuti ulendo upitirire. Anamukhazika pansi pa mtengo, namulanda mfuti, napita. "Anandiitana kawiri," anatero, "koma sindinacheuke." Ngakhale pamene pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, munthuyu anabwerera kwawo mawu aja akumvekabe m'makutu mwake.

Abale, tsegulani 1 Samueli 30. Davide akulondola Aamaleki, anthu ake anapeza Mwigupto m'thengo. Mbuye wake anali atamutaya chifukwa chodwala, ndipo anatha masiku atatu osadya, osamwa. Davide, ngakhale anali pa liwiro, anaima, namudyetsa. Wotayidwa uja ndiye anawalozera kumene kunali adani. Ndipo amuna 200 amene anatsala pa mtsinje wa Besori chifukwa cha kutopa analandira gawo lofanana ndi la amene anamenya nkhondo.

Ndikulemba izi ndi manyazi. M'dera langa muli agogo ena amene miyendo yawo inaleka kuwafikitsa kutchalitchi. Papita miyezi isanu ndisanaponde pakhomo pawo. Ndinkati ndatanganidwa ndi misonkhano ndi zopereka za chitukuko. Sabata yatha anatuma mdzukulu kudzafunsa ngati dzina lawo likadali m'kaundula wa mpingo. Uku kunali kuitana kwachiwiri.

Mawa m'mawa ndipita kukapepesa ndi kupemphera nawo. Nanga inu, mbale wanga, mlongo wanga, ndani amene munamukhazika pansi pa mtengo pamene ulendo unkapitirira? Cheukani akadali moyo.

Ambuye atikhululukire, natipatse mtima wa Davide. Amen.