Chigwiriro ndi dzimbiri kuno ku Hauna

Chinyezi cha m'chigwa cha Honde sichimvera chisoni chitsulo. Mfuti ya mlonda wa ku esiteti ya tiyi ikangokhala osapukutidwa, dzimbiri limayamba kuchita mawanga pomwe panagwira dzanja la thukuta. Ku America eni mfuti za Glock amatenga kachitsulo kamoto n'kudinda timaenje pa pulasitiki ya chigwiriro kuti isapulumuke m'manja, ena n'kupakanso utoto wolimba wa Cerakote, wochita kuumitsa mu uvuni. Zimadya ndalama ndithu. Kuno mlonda ali ndi kansanza ndi kabotolo ka oyilo basi, ndipo mfutiyo ndi ya kampani, sangayerekeze kuisema.

Koma taonani zikwanje za alimi a nthochi, abale anga. Luso lake limandigwira mtima. Chigwiriro amachikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, mizere yothinana bwino, mfundo n'kuibisa kunsi kuti isatulutse matuza m'chikhatho. Ena amatema timizere topingasa pa mtengowo ndi mpeni. Mvula igwe tsiku lonse, chikwanje sichiterereka. Amalume anga, omwe makolo awo anachokera ku Mulanje, amachipaka oyilo wakutha wa galimoto madzulo alionse asanachipachike.