Wolembedwa Ntchito Dzuwa Litapendeka

Ku Masambanjati, kummwera kwa boma la Thyolo, kuli bambo wina amene anathyola tiyi zaka zambiri pa esiteti ina. M'mawa uliwonse ankabereka dengu kumsana, nalowa m'mizere mame asanakamuke. Manja ake anali achangu, ndipo kapitawo sankadandaula naye. Koma tsiku lolandira malipiro likafika, mtima wake unkalemera, pakuti anzake ankalemba maina awo ndi cholembera, pamene iye ankapaka chala inki nadinda papepala.

Bamboyu sanapite kusukulu ali mwana, chifukwa makolo ake analibe ndalama za fizi. Pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, iye anali kale ndi mkazi ndi ana. Anzake amene anavinidwa nawo limodzi anapita ku Joni, nabwerako ndi kumanga nyumba za malata. Iye anaika chikhulupiriro chake pa munda wa nthochi, pakuti dera la Masambanjati linatchuka ndi nthochi kuyambira kale. Koma matenda a chisaka analowa m'mundamo, masamba anaunjikana pansonga, mikoko inaleka kutuluka, ndipo alangizi anati azule zonse. Anazula ndi manja ake omwe. Pamenepo imvi zinali zitayamba kuoneka.

Chomupweteka koposa chinali kutchalitchi. Anali ndi Buku Lopatulika limene mwana wake anamugulira. Mlaliki akatchula mutu ndi ndime, iye ankatsegula paliponse ndi kuyang'anitsitsa, kuti oyandikana naye asadziwe. Tsiku lina mdzukulu wake anamunong'oneza kuti, "Agogo, mwagwira chozondotsa." Sabata ziwiri zotsatira bamboyu sanapite kukapemphera.

Mkulu wa mpingo anabwera kudzamuona, ndipo anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Atalonjerana, bamboyu anaulula zonse. Anati, "Abambo, ine ndinatsalira. Anzanga anafika kale kumene amapita. Kodi Mulungu angachitenso chiyani ndi munthu wa msinkhu wanga?"

Mkuluyo sanamudzudzule. Anatsegula Mateyu mutu 20, namufotokozera fanizo la mwini munda wamphesa. Mwini mundayo analemba antchito ena mbandakucha, ena dzuwa litakwera, ena masana, ndipo ena anawapeza ataima pamsika kutatsala ola limodzi kuti aweruke. Atawafunsa chifukwa chake anangokhala tsiku lonse, iwo anayankha kuti panalibe wowalemba. Madzulo onse analandira malipiro a tsiku lathunthu.

Bamboyu ankadziwa bwino kuima pachipata cha esiteti kudikira kuti dzina lako liitanidwe, ndi kubwerera kunyumba lisanaitanidwe. Tsono anaona chinthu chimene sanachionepo: anthu otsirizawo sanali aulesi. Anadikira tsiku lonse padzuwa, ndipo sanachoke pamsikapo. Mwini munda ndiye anabwerera kukawafuna. Mkuluyo anati, "Achimwene, sikelo ya kuesiteti imayeza makilogalamu. Mulungu alibe sikelo yotero. Iye amaona ngati munthu wavomera pamene waitanidwa."

Kenaka anamukumbutsa za Dr. Daniel Malikebu wa ku Chiradzulu, boma loyandikana ndi Thyolo. Malikebu anachoka kwawo mu 1905 ali mnyamata, kutsata mphunzitsi wake Emma DeLaney ku America. Anatsiriza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College mu 1917, nakhala dokotala woyamba wa dziko lino. Koma pamene anafuna kudzagwira ntchito kwawo mu 1921, boma la atsamunda linamukaniza, chifukwa linkakumbukira nkhondo ya John Chilembwe ya mu 1915. Anapita ku Liberia, natumikira kumeneko. Chilolezo chinabwera pambuyo pake, ndipo mu 1926 anatsegulanso mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Kuchokera tsiku limene anachoka kwawo, zinamutengera zaka 21 kuti ayambe ntchito imene mtima wake unkafuna. Zaka zodikirazo sizinatayike, pakuti mpingo umene anaudzutsawo ulipo kufikira lero.

Sabata yotsatira bamboyu anapita kusukulu ya kwacha. Anapeza amayi okhaokha, ndipo anakhala kumbuyo kwenikweni, chipewa chili pamaondo. Cholembera chinamuvuta kuposa khasu. Zala zimene zinkathyola masamba awiri ndi kansonga mosaphonya zinalephera kuzunguliza chilembo cha "o". Anyamata ena pamsika anamuseka, namufunsa ngati alinso ndi yunifomu.

Mphunzitsi ataona kuti wafooka, anawauza onse nkhani ya Kimani Maruge wa ku Kenya. Boma la kumeneko litachotsa fizi mu 2003, nkhalambayi inalowa sitandade 1 ku Eldoret mu 2004, ili ndi zaka 84. Inakhala pabenchi limodzi ndi ana a msinkhu wa zidzukulu zake, chifukwa inkafuna kudziwerengera yokha Baibulo ndi kuwerenga ndalama zake. Mu 2005 inakwera ndege kupita ku New York kukalankhula ku United Nations za maphunziro a ana. Inamwalira mu 2009. Bambo wa ku Masambanjati anawerengera ndi zala, napeza kuti Maruge anamuposa ndi zaka zambiri. Anaseka kwa nthawi yoyamba m'kalasimo.

Tsono anayamba kuona munda wa tiyi ndi maso ena. Mbande yochokera kunazale sithyoledwa chaka chomwecho. Imatha zaka zitatu kapena kupitirira ikuzika mizu, ndipo wodutsa angaganize kuti palibe chikuchitika. Ngakhale tchire lokhwima limadulidwa m'nyengo yachilimwe mpaka kutsala timitengo touma tokhatokha. Mlendo angati lafa. Koma wantchito amadziwa kuti mvula ikagwa, tchire lomwelo lidzaphuka masamba anthete ochuluka. Bamboyu anaganiza za nthochi zake zozulidwa, ndi za zaka zake zodinda chala, ndipo anati mumtima, "Kapena ine ndinali wodulidwa chabe."

Sanalemere ayi. Nyumba yake idakali yofolera ndi udzu mbali ina, ndipo anzake a ku Joni adakamuposa pa chuma. Masiku ena zilembo zimamusokonekerabe, ndipo mtima umabwerera kumene unali. Pamenepo amakumbukira anthu aja oima pamsika, nagwiranso cholembera. Kulimba mtima kwa Mkhristu ndi kotere: kudzuka m'mawa ndi kuchita gawo la tsikulo, podziwa kuti amene anaitana sachedwa ndipo saiwala.

Tsiku lina lolandira malipiro, kalaliki anamukankhira inki monga mwa masiku onse. Bamboyu anati, "Pepani, ndibwerekeni cholembera." Mzere wonse unadikira pamene iye ankalemba pang'onopang'ono, chilembo chimodzi chimodzi, mpaka dzina linatha.

Madzulo ake anaitana mdzukulu uja. Anatsegula Buku Lopatulika, nafunafuna yekha mpaka anapeza Mateyu mutu 20. Anaika chala pa ndime yoyamba, nati, "Khala apa, mwanawe. Ndikalakwa undikonze."