Anapalasa Njinga Chifukwa cha Mwana Wathu

Kwathu kuno ku chigwa cha Shire njinga si chinthu choseweretsa. Ndi njinga imene imanyamula thumba la chimanga kupita nalo ku chigayo, mtolo wa thonje kupita nawo ku msika, ndi akatekisiti kupita nawo ku tchalitchi chakutali Lamulungu m'mawa. Mai wapakati akayamba kubuula pakati pa usiku, chimene amathamangira kukabwereka kwa anansi ndi njinga. Motero pamene achinyamata a m'parishi yathu anabwera ndi ganizo lakuti apalase njinga kuchokera kuno mpaka ku Blantyre, osanyamula katundu, osakagula kapena kukagulitsa kanthu, koma kungoti anthu apereke ndalama zothandizira banja la mwana wodwala, akuluakulu ambiri anapukusa mitu. Kutha matayala ndi kutha mphamvu popanda chonyamula kunaoneka ngati masewera a anthu okhuta.

Mwanayo ndi mnyamata wa zaka 7, wa mumphakati wina wa kufupi ndi mtsinje. Dzina lake sitilemba pano. Matenda anayamba ngati dzino. Tsaya linatupa pang'ono, amai ake namamupatsa madzi amchere kuti azichukucha m'kamwa. Koma pasanathe masabata awiri mano anayamba kugwedera, diso linakankhidwira kunja, ndipo nkhope inasintha kotero kuti anzake osewera nawo anayamba kumuthawa. Pamudzi panamveka manong'onong'o amene tonsefe timawadziwa, akuti alipo wina amene anachitira bambo wake nsanje chifukwa cha thonje la chaka chatha. Mbuzi imodzi inathera kwa sing'anga. Akatekisiti athu, amene anaonapo kale kutupa kotereku, ndiwo anakakamiza banjalo kupita ku chipatala cha boma, ndipo kumeneko analitumiza ku Queen Elizabeth, chipatala chimene ambiri timangochitcha kuti Gulupu.

Matendawa ali ndi dzina, ndipo dziko lathu lili m'mbiri yake. Ndi khansa yotchedwa Burkitt lymphoma. Denis Burkitt anali dokotala wa opaleshoni wochokera ku Ireland, munthu wopemphera, wa diso limodzi pakuti linalo linaonongeka ali mwana. Akugwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Kampala anaona ana otupa nsagwada mofanana, ndipo mu 1958 analemba za matendawo kuti madokotala anzake awadziwe. Mu 1961 iye ndi madokotala ena awiri anakwera galimoto lakale la Ford nayenda masabata 10, mtunda wa mamailosi pafupifupi 10,000, kufunsa m'zipatala zoposa 50 ngati ana otere amafikako. Ulendowo unadutsanso muno, masiku amenewo kuli Nyasaland. Chimene anapeza nchakuti matendawa amakonda madera otsika, otentha ndi achinyezi, monga m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje, ndipo amachepa kumapiri kozizira. Kumeneko nkomwenso malungo amakhala chaka chonse. Lero madokotala amadziwa kuti malungo obwerezabwereza, pamodzi ndi kachirombo ka Epstein-Barr kamene kanapezeka mu 1964, ndiwo amatsegulira matendawa khomo. Palibe mfiti m'nkhani imeneyi. Muli udzudzu womwewu umatiimbira m'makutu usiku.

Chotupachi chimakula msanga kuposa pafupifupi khansa ina iliyonse, moti chingathe kuwirikiza kukula kwake m'masiku awiri okha. Komanso chimamva mankhwala msanga. Mwana akalandira mankhwala oyamba, kutupa kumaphwa m'masiku ochepa, nkhope nkubwerera, mwana nkuyamba kupempha nsima. Apa mpamene pali msampha. Makolo amaona ngati wachira, pamene mizu ya matenda ikadali m'thupi, ndipo mwana ayenera kulandirabe mankhwala maulendo angapo pa masiku amene dokotala waika. Amene walumphitsa, matenda amamubwerera ali olusa kuposa kale.

Tsono kodi kholo limene limakonda mwana wake lingalumphitse bwanji? Funso limeneli amafunsa ndi anthu amene sanakhalepo pa chipatala mwezi wathunthu. Mankhwala a m'chipatala cha boma salipiritsa, nzoona. Koma minibasi imalipiritsa, anthu awiri, kupita ndi kubwera. Wodikira matenda amafuna sopo, shuga, makala, ndi kandiwo kena kamene mwana wosanza angalole kulawa. Kumudzi kwatsala ana ena anai, ndipo munda sudikira kuti mwini wake abwere ku Gulupu, udzu umangomera. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati m'maiko olemera ana oposa 80 mwa ana 100 alionse odwala khansa amachira, pamene m'maiko ambiri osauka safika 30. Mu 2018 bungweli linaika cholinga chakuti pofika 2030 ana 60 mwa 100 alionse azichira kulikonse. Zifukwa za kusiyanaku nzambiri, koma ziwiri mwa izo tinaziona ndi maso athu: kufika mochedwa, ndi kusiyira mankhwala panjira chifukwa chosowa ndalama yokwerera.

Pa msonkhano wa bungwe la parishi, mkulu wina amene wakhala akusunga buku la mtulo kwa zaka zambiri anaimirira nati: "Bambo Mfumu, ine sindikukana kuthandiza mwanayu, ndi mdzukulu wa tonsefe. Koma munthu amene ali ndi mtima wopereka, apereke. Njinga ikulowapo bwanji? Kodi ndalama imachuluka chifukwa anyamatawa atuluka thukuta?" Anawonjezanso kuti Ambuye Yezu anatichenjeza za kuchita zachifundo modzionetsera pamaso pa anthu, ndipo gulu la njinga pa mseu waukulu, ndi zikwangwani ndi nyimbo, silikusiyana kwenikweni ndi lipenga.

Mau amenewa sanali opepuka, ndipo ife sitikuwayesa opepuka ngakhale lero. Alipo ndithu maulendo achifundo amene phindu lake lalikulu limapita kwa ojambulitsa. Komabe pali chinthu china chokhudza mtima wa munthu chimene mkuluyu, poti ndi munthu wopereka mosakakamizidwa, sanachiwerengere. Ambirife sitili ngati iye. Chilengezo cha pambuyo pa Misa timachimva, timamva chisoni, ndipo tikafika pa msika tachiiwala. Koma mwana wa mlongo wako akabwera pakhomo ndi pepala nati, "Amalume, Loweruka ndikwera chitunda cha Thabwa pa njinga chifukwa cha mwana uja, inu mundilembera zingati?" kukana kumavuta. Iye waikapo miyendo yake. Iwe ukuchita manyazi kulephera kuikapo dzanja m'thumba. Mwina nkufooka kwathu kuti timafuna kuona mnzathu akuvutika tisanatsegule chikwama, koma Mpingo unadziwa kalekale kuti chikhulupiriro chimayenda bwino chikadzera m'thupi. Nchifukwa chake timasala, timagwada, ndipo pa Lachisanu Loyera timayenda Njira ya Mtanda padzuwa m'malo mongoiwerenga tili pa mthunzi.

Anzathu a kunja analiona kale phindu la njira imeneyi. Ku Massachusetts, m'dziko la America, Billy Starr amai ake atamwalira ndi khansa anasonkhanitsa anthu 36 mu 1980, napalasa njinga masiku awiri mpaka ku Provincetown, kunsonga kwa dziko m'mbali mwa nyanja. Anapeza madola 10,200. Ulendowo, umene umatchedwa Pan-Mass Challenge, umachitika mwezi wa Ogasiti, tsopano ndi anthu zikwi zingapo, ndipo mu 2024 ndalama zonse zimene wasonkhetsa chiyambire zinapitirira madola 1 biliyoni. Zimapita ku chipatala cha khansa cha Dana-Farber mu mzinda wa Boston kudzera m'thumba lotchedwa Jimmy Fund.

Dzina lakuti Jimmy ndilo linatithandiza pa mkangano wachiwiri, umene kwa ife unali waukulu kuposa woyamba uja. Achinyamata ena anafuna kujambula mwanayo ali wotupa chomwecho, chithunzicho achiike pa zikwangwani ndi kuchitumiza pa WhatsApp ndi pa Facebook, poti anthu akaona amapereka zambiri. Sanali kunama. Koma amai ake a mwanayo, munthu wosalankhula pagulu, anangoti: "Mwana wangayu akachira adzapita ku sukulu. Sindifuna kuti adzakule akudziwika ndi nkhope imeneyi." Asisteri athu, amene anaphunzira za unamwino, anatikumbutsa kuti Jimmy silinali dzina lenileni. Pa 22 Meyi 1948 wailesi ya ku America inaulutsa mau a mnyamata wa zaka 12 ali pa bedi m'chipatala cha ana ku Boston, osewera a timu ya Boston Braves atabwera kudzamuona. Anthu anatumiza madola oposa 200,000. Dokotala wake, Sidney Farber, anafuna kuti mwanayo atetezedwe, motero dziko lonse linangomudziwa kuti Jimmy. Iyenso anali ndi lymphoma. Anachira, nabwerera kwao ku Maine, nakula, nakwatira, namayendetsa magalimoto a katundu, pamene anthu ambiri ankayesa kuti anafa kalekale. Mu 1998, patapita zaka 50, mpamene anthu anadziwa kuti iye ndiye Einar Gustafson, ndipo anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 65. Anakhala moyo wake wonse ngati munthu, osati ngati chikwangwani. Achinyamata athu atamva zimenezi anagonja, ndipo pa zikwangwani zao panangolembedwa kuti "Mwana wathu".

Ananyamuka Loweruka kusanache, Bambo Mfumu atapereka Nsembe ya Misa ndi kuwaza njingazo madzi odalitsa. Zinali njinga zathu zomwezi zopanda magiya, zina zobwereka, ina yomangidwa chishalo ndi mphira. Anyamata a kabaza angapo, ena mwa iwo a mipingo ina, ena Asilamu, anasiya ntchito ya tsikulo nalowa nawo m'gululo osaitanidwa. Kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu kunali kosavuta, ndipo ankaimba. Atapitirira Thabwa nyimbo zinatha. Amene anakwerapo chitunda chimenecho pa galimoto akudziwa mmene mseu umakhotera uku ndi uku, injini ikulira ngati ikupempha chikhululukiro. Ambiri anatsika namakankha. Atsikana awiri anakana kukwera galimoto la parishi limene linkawatsatira ndi madzi ndi pampu, nafika pamwamba ali omaliza, dzuwa lili paliwombo. Amai a Chikatolika anali atatsogola kale ndi thobwa ndi mbatata zophika.

Pa chipatala sanalowe onse. M'chipinda cha ana amene akulandira mankhwala otere simuyenera kudzaza anthu, pakuti matupi ao amakhala ofooka ndipo chimfine chokha chingawagwetse. Analowa awiri pamodzi ndi Asisteri. Otsalawo anaima kunja kwa mpanda, njinga zili m'manja, napemphera Korona. Bambo wa mwanayo anatuluka kudzawaona. Munthu amene kwa miyezi iwiri anansi ena ankamulambalala poopa kuti pakhomo pake pali zoipa, anaona ana a anansi omwewo ali mbuu ndi fumbi, atayenda makilomita pafupifupi 50 chifukwa cha mwana wake. Anangovula chipewa nakhala pansi m'mbali mwa ngalande, osanena kanthu. Ife timakhulupirira kuti ichi nchimene mbale ya chopereka, ngakhale itadzaza, sikanatha kuchita. Mu Uthenga wa Marko muli anthu anai aja amene ananyamula mnzao wofa ziwalo, nasasula denga kuti amufikitse kwa Yezu, ndipo mlembi akuti Ambuye anaona chikhulupiriro cha onyamulawo. Nawonso anachita zao poyera, ndipo mwini nyumba ayenera kuti anadandaula za denga lake.

Kuchuluka kwa ndalama sitikulemba, pakuti kunawerengedwa kale m'tchalitchi, dzina ndi dzina, kwacha ndi kwacha. Chimene tikufuna kuti maparishi ena amve ndi kasungidwe kake. Ndalama yachifundo ikaperekedwa yonse tsiku limodzi kwa banja losauka, abale amene sanaonekepo pa matenda amatulukira, aliyense ndi vuto lake, ndipo banjalo silingathe kuwakaniza. Motero bungwe linasankha anthu atatu osaina, ndipo mkulu uja wa buku la mtulo ndiye anapatsidwa kusunga kaundula. Ndalama imatuluka ulendo ndi ulendo: yokwerera, ya chakudya cha wodikira, ndi ya neti yatsopano ya ana otsala kunyumba. Iye akadanenabe kuti njinga sizinali zofunika, koma palibe tambala imene yasowa m'buku lake.

Chilipo chinthu chimodzi chimene chikutisowetsa mtendere. Awiri aja amene analowa m'chipinda anabwerako ali chete, pakuti anapeza kuti mwana wathu ndi mmodzi chabe mwa ambiri. Pa bedi loyandikana panali mtsikana wochokera kutali kwambiri, agogo ake okha akumudikira, ndipo palibe amene anamupalasira njinga. Ulendo wa ku Massachusetts uja umathandiza chipatala chonse. Wathuwu unathandiza khomo limodzi, la mwana amene tinamuona akubatizidwa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero. Koma kodi umnzako umathera pa malire a parishi? Achinyamata apempha kuti ulendowu uzichitika chaka ndi chaka, ndipo gawo lina la ndalama lizipita kwa odikira matenda amene alibe wowayendera. Akuluakulu ena akuti tiyambe tamaliza za mwana wathu. Nkhaniyi ikambidwa pa msonkhano wa bungwe mwezi wamawa.

Pakali pano mwanayo ali kunyumba, tsitsi lathothoka, tsaya laphwa. Atsala ndi maulendo awiri a ku Gulupu, ndipo madokotala anena kuti adzapitiriza kumuona kwa chaka asananene kuti wachira. Munda wa bambo wake anaupalira a mphakati Lachiwiri lapitali, ndipo Lolemba likudzali amai ake akwera naye minibasi yoyamba.